Ngolo yogonamo ya ku America

Ku America kuli anthu, ambiri a iwo si akalipentala n'komwe, amene amatha miyezi ali m'garaja kunyumba Loweruka lililonse, kucheka ndi kumata pulayiwudi mpaka atatulutsa kanyumba koyenda pa mateyala awiri. Kanyumbako amakakoka ndi galimoto wamba popita kukagona kumapiri, kunkhalango kapena m'mbali mwa nyanja. Ukakaonera chammbali, kutsogolo n'kotukuka mozungulira ndipo denga limatsetsereka mpaka kukathera kumbuyo mosongoka, ndiye eni ake amakatcha teardrop, kunena dontho la msozi. Mkati mulibe poimirira. Muli matiresi a anthu awiri, timashelefu chakumiyendo, ndi kakhomo m'mbali kolowa chowerama. Kumbuyo kuli chivundikiro chachikulu chotsegukira m'mwamba, ndipo kunsi kwake ndiye kukhitchini: kasitovu ka gasi, mapoto, chigubu cha madzi. Wophika amaimirira panja, chivundikirocho chikumutchingira dzuwa kapena mvula yowaza.

Amene anakulira ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Dowa ali kale ndi theka la nzeru zofunika pa ntchitoyi, chifukwa kathilela kameneka ndi ngolo. Chitsulo chimodzi chopingasa chimene amakaniko amati ekiselo, mateyala awiri, bokosi pamwamba, chokokera kutsogolo. Pamene panali ng'ombe pali galimoto, ndipo pamene panali goli pali kampira kachitsulo kumbuyo kwa galimotoyo. Ngakhale kubadwa kwake n'kofanana. Ngolo zambiri zakumudzi zimayendera ekiselo ndi mateyala a galimoto imene inafa kalekale, ndipo nawo ma teardrop anachulukira pa zotsala.

Tinyumbati tinayamba kuoneka m'zaka za m'ma 1930, chuma cha America chitagwa, anthu akufuna kuyenda popanda kulipira hotela. Magazini a ntchito zamanja ankasindikiza mapulani ake. Mu 1939, Popular Homecraft inaonetsa ka Louis Rogers wa ku Pasadena, ku California, kamene anakhoma kuti akayendere ndi mkazi wake atangokwatirana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, katundu wotsala wa asilikali anadzaza pamsika motchipa, monga aluminiyamu wa ndege ndi mateyala a ma Jeep, ndipo kampani ngati Kit Manufacturing ya ku California komweko inayamba kupanga tinyumbati togulitsa. Pulani imene anthu amaikumbukabe inatuluka mu Mechanix Illustrated mu Sepitembala 1947, pamutu wakuti Trailer for Two. Pofika m'ma 1960 Amereka anali atatengeka ndi magalimoto akuluakulu ndi makalavani oyendamo choimirira, teardrop n'kuiwalika. Inadzuka cha kumapeto kwa ma 1990, intaneti itayamba kufalitsa mapulani akale aja.

Kukula kwake sanakusankhe munthu, anakusankha ndi pulayiwudi. Thabwa limodzi la pulayiwudi limabwera la mafiti 4 m'lifupi ndi mafiti 8 m'litali, kapena kuti mamita 1.22 ndi 2.44, muyezo womwewo umene mumaupeza mu hadiweya kuno. Thabwa limodzi ndiye pansi, limodzi khoma lakumanja, lina khoma lakumanzere, popanda kulumikiza kapena kutaya zidutswa zambiri. Vuto lake, ukachotsa kukhuthala kwa makoma, malo otsala mkati sakwana matiresi a dabulo, amene amakhala masentimita 137. Banja limene lakangana masana, usiku lilibe kothawira. N'chifukwa chake ambiri masiku ano amakuza kufika mafiti 5, koma futi imodzi yowonjezerayo imadula: pansi pamafunika kulumikiza, denga likufuna matabwa a muyezo wina, ndipo aluminiyamu wotambalala choncho sapezeka paliponse.

Felemu yachitsulo siichedwetsa anthu. Ena amawotcherera yawo ndi mapaipi a makona anayi, ambiri amagula thilela yomanga ndi mabawuti m'masitolo ngati Harbor Freight n'kukhomapo kanyumbako. Chofunika kudziwa n'chakuti thilela yogulayo inapangidwira katundu wolemera kuposa teardrop, imene kawirikawiri siipitirira makilogalamu 450. Masipuling'i ake amakhala ouma, ndipo chotsatira mukuchidziwa ngati munakwerapo ngolo yopanda katundu pamsewu wamabampu: imangodumphadumpha, mano kugundana. Kanyumba kogwedezeka choncho kamamasuka m'molumikiza, mazira a m'khitchini n'kufika ataphwanyika. Ena amachotsako tsamba limodzi la sipuling'i, ena amagula ekiselo yokhala ndi labala mkati yoyezedwera kulemera kwenikweni kwa kathilelako. Chinanso, wongoyamba kumene amakonda kulimbitsa mopyola. Amaopa, ndiye paliponse amaika chitsulo chochindikala ndi pulayiwudi wa mamilimita 18, amene thabwa limodzi limalemera pafupifupi makilogalamu 30. Saona kuti bokosi lomatidwa bwino ndi guluu, pansi, makoma ndi denga zitagwirana, limakhala lolimba palokha ndipo ndi lomwe limaumitsa felemu.

Tsopano pamene pagona nkhani yonse: kodi ekiselo ikhale pati?

Aliyense amene anapakirapo matumba a chimanga m'ngolo amadziwa kuti thumba siliponyedwa paliponse. Mukaunjika kutsogolo, goli limakanikiza makosi, ng'ombe zimayenda zitazyolika ndipo pakapita masiku zimatuluka zilonda. Mukaunjika kumbuyo, mtengo wokokera umanyamuka, goli limakwera, zingwe zapakhosi zimayamba kutsamwitsa ng'ombe, ndipo pachitunda ngolo ikhoza kugwa chagada. Wodziwa amaika katundu wambiri pamwamba pa mateyala, n'kusiya kulemera pang'ono chabe kutsamira pagoli. Kulemera pang'onoko n'kumene kumapangitsa ngolo kutsatira ng'ombe mwaulemu.

Amereka lamulo lomweli analiika m'manambala. Pa kulemera konse kwa thilela yopakira, magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse azitsamira pa kampira ka galimoto. Teardrop ya makilogalamu 400 iyenera kukanikiza kampirako ndi makilogalamu apakati pa 40 ndi 60. Kukapitirira kwambiri, galimoto imakhala pansi chakumbuyo, mateyala akutsogolo amapepukidwa, chiwongolero sichigwira bwino ndipo nyali zimaloza kumwamba. Kukachepa ndiye koopsa zedi. Kulemera kukakhala kumbuyo kwa ekiselo, kamphepo kochokera kwa lole yodutsa kapena kukhota pang'ono kokha kumakankhira kumbuyo kwa thilela mbali imodzi. Pobwerera imapyola, n'kupita mbali inayo, ulendo uliwonse kudzandirako kukukula, mpaka thilela imayamba kugwedeza galimoto imene ikuikoka. Zikayamba, dalaivala amachotsa phazi pamafuta, kugwira chiwongolero chilunjike, ndi kupewa kuponda mabuleki mwamphamvu. Koma mankhwala ake enieni ali m'garaja, miyezi ingapo ulendo usanayambe.

Teardrop ili ndi chilema chobadwa nacho pa nkhaniyi. Zolemera zonse amaziika kumchira: madzi malita 20 ndi makilogalamu 20, kuwonjezerapo bokosi la ayezi ndi zakudya, silinda ya gasi, mapoto, makabati, ndi chivundikiro chenichenicho. Kutsogolo kuli matiresi ndi mapilo basi. Zili ngati ngolo imene matumba ake onse anawakhomerera kumbuyo kuti asasunthenso. Popeza katundu sangasunthe, amasuntha mateyala. Ekiselo imabwezedwa m'mbuyo, kukakhala pa magawo pafupifupi 60 kapena 65 pa 100 a utali wa bokosi kuyezera kutsogolo, ndiye kuti cha pa mita imodzi ndi theka pa bokosi la mamita 2.44. Chitseko nachonso chili ndi mawu ake, chifukwa chiyenera kukhala kutsogolo kwa teyala, pamalo pamene munthu akakhala tsonga pamatiresi angotembenuka n'kutulutsa miyendo. Amisiri ochenjera samangitsa ekiselo mpaka kanyumba katatha. Amapakira zonse, kutsamiritsa chokokera pa sikelo yoyezera anthu, n'kumasuntha ekiselo kufikira nambala itakhala bwino. Ena amathetsa nkhaniyo posamutsira batire ya nyali za m'kanyumbako m'kabokosi ka pachokokera.

Apa ndi pamene ngolo imaposa thilela. Ng'ombe zimayenda liwiro la munthu, ndipo zikapwetekedwa zimaonetsa: zimaima, zimapukusa mitu, mnyamata n'kudumphira m'ngolo kukoka thumba limodzi. Kampira kachitsulo sikadandaula. Kamanyamula chilichonse mwakachetechete, ndipo cholakwa chimakadziwikira pa liwiro la makilomita 90 pa ola, pamene palibe wodumphira kukakoka thumba.

Za pulayiwudi, ubwino wake uli m'kapangidwe. Ndi timapepala ta mtengo tomatidwa mosanjikiza, kalikonse mitsempha yake itapingasana ndi ya kanzake, ndipo timakhala 3, 5, 7 kapena kupitirira, nambala yosagawika pawiri kuti thabwa lisapotoke. N'chifukwa chake sang'ambika motsata mitsempha ngati thabwa wamba, ndipo wopyapyala wa mamilimita 3 amalola kupindika. Makoma awiri amawapanira pamodzi n'kuwacheka nthawi imodzi, chifukwa akasiyana ngakhale pang'ono denga limakhala mopendekeka. Mzere wokhota uja ambiri amaujambula pokhoma timisomali n'kupindirapo kamtengo kopyapyala, ndipo anzeru amayamba aucheka pa katoni, n'kugona pansi pambali pake kuti aone ngati mutu ndi mapazi zikukwana. Khoma likhoza kukhala thabwa limodzi lochindikala, kapena mafupa a matabwa okhala ndi fomu m'mipata ndi pulayiwudi wopyapyala mbali zonse ziwiri. Lachiwirili ndi lopepuka komanso lofunda, koma limadya nthawi.

Denga limakhala pa timitanda topingasa kuchoka khoma ili kufika linalo, totalikirana pafupifupi futi imodzi. Siling'i yamkati imayamba, kenako mawaya a magetsi a mavoti 12, fomu m'mipata, ndipo pomaliza pulayiwudi wa mamilimita 3 amamupinda pang'onopang'ono kutsata makoma, nthawi zina magawo awiri. Woiwala waya wa nyali asanatseke denga amakalowa naye mkangano wa masiku. Palinso njira ina yobwereka kwa okhoma maboti. Kampani ya Chesapeake Light Craft ya ku Annapolis, ku Maryland, imagulitsa zidutswa zodulidula za pulayiwudi wa okoume, mtengo wa ku Gabon ndi maiko oyandikana nawo, zimene wogula amazisoka ndi waya wa kopa n'kumata m'molumikiza ndi guluu wa epoxy ndi nsalu ya fiberglass. Kotuluka pamenepo n'kopepuka kwambiri, kopanda mafupa mkati.

Mdani wamkulu ndi madzi, ndipo pano ngolo imatiphunzitsa mwa kusiyana kwake. Ngolo imanyowa dzinja lonse koma imakhala zaka, chifukwa ndi yapululu. Madzi amatsika m'mipata ya matabwa, dzuwa likawala n'kuuma. Thabwa limodzi likawola, mumalizula n'kukhomapo lina tsiku lomwelo. Teardrop ndi bokosi lotseka. Madzi akalowa alibe potulukira, dzuwa silifikako, ndipo khoma lonse ndi thabwa limodzi limene denga, chitseko ndi makabati zagwirapo. Likawola m'munsi, kukonza kwake n'kugumula kanyumba.

Pulayiwudi pankhope pake amapirira, koma m'mphepete modulidwa amamwa madzi mwaludzu, chifukwa m'menemo mitsempha ya mtengo ili poyera. Madziwo amayenda mkati, timapepala tija timafufuma n'kuyamba kulekana. Ndiye ganizirani kumene mphepetezo zili pa teardrop: m'munsi mwa makoma pafupi ndi mateyala, kuzungulira chitseko, kuzungulira windo, pamene denga lakumana ndi khoma. Pamsewu mvula siigwa kuchokera kumwamba kokha. Imamenya kutsogolo mopingasa ndi mphamvu ya liwiro, ndipo mateyala amaiponya kuchokera pansi pamodzi ndi matope. Bowo lililonse la sikuluwu ndi khomo. Ena amaganiza kuti akagula pulayiwudi wa maboti, wa muyezo wa BS 1088, nkhawa yatha. Wamabotiyo guluu wake sasungunuka ndipo mkati mulibe mphako, koma mtengo ndi mtengo, ukakhala chinyowere umawola. Choncho mphepete iliyonse amaimwetsa epoxy kapena vanishi wosungunula mpaka italeka kumwa, kunsi kwa pansi amapakako phula, ndipo chilichonse chobowola khoma chimakhala pa tepi ya labala yomata ya butyl, sikuluwu iliyonse itaviikidwa mu chomatira.

Chovala chakunja chili panjira zitatu, ndipo amisiri amakangana nazo kosatha. Aluminiyamu wopyapyala, wa milimita imodzi kapena kucheperapo, ndiye maonekedwe a 1947 amene ambiri amawafuna. Amafutukuka padzuwa kuposa mtengo, motero samumata mwamphamvu, amangomugwira ndi timizere ta m'mphepete kuti azitha kusuntha. Yachiwiri ndi nsalu ya fiberglass yonyowetsedwa ndi epoxy, imene imasandutsa kanyumba konse chikopa chimodzi, koma imafuna penti kapena vanishi pamwamba poti dzuwa limaononga epoxy. Yachitatu eni ake amaitcha fiberglass ya amphawi: chinsalu cha kanivasi chomatidwa ndi guluu wa matabwa ngati Titebond II, n'kuchimwetsa penti wakunja kangapo mpaka chitauma gwa. Kwa ine, womanga koyamba asankhe pakati pa ziwiri zomalizazi. Aluminiyamu ndi wokongola, koma amabisa. Madzi akalowa pa sikuluwu imodzi, pulayiwudi amawolera kuseri kunja kukunyezimira, mwini wake n'kudzadziwa chitseko chitayamba kugwedera. Kanivasi ikang'ambika imaoneka, ndipo chigamba chake ndi kansalu ndi burashi.

Chivundikiro cha kukhitchini ndicho chimaliza anthu mphamvu. Chiyenera kukhota ndendende ngati makoma, koma pulayiwudi wopindidwa amafuna kuwongoka, ndiye chikachotsedwa pomangira chimatambasuka pang'ono n'kusiya mpata kumunsi. Pofuna kupewa zimenezi, nthiti zake amazicheka zokhotakhota kuchokera m'pulayiwudi wochindikala m'malo mozipinda, ndipo ena amachimangira pamalo pake pomwepo. Pamwamba pamakhala hinji imodzi yaitali kuchoka mbali iyi kufika inayo, yopangidwa kuti madzi asadutse, imene amaitcha hurricane hinge. M'mbali monse mumayenda labala, ndipo chimaimikidwa ndi timapampu tofanana ndi ta chitseko chakumbuyo cha galimoto. Pamsewu wafumbi labalayo ndi amene amanena ngati mukadye chakudya kapena dothi.

Mukatseka bwino chonchi, mwadzipangira vuto lina. Anthu awiri opuma usiku wonse m'kabokosi kotere amatulutsa chinyezi chimene chimasanduka madontho pasiling'i ndi kunsi kwa matiresi, ndipo mpweya umaipa msanga. Padenga pamafunika potulukira mpweya, bwinonso pakhale kafani, ndipo windo limodzi lizikhala lotsegula pang'ono ngakhale kuzizire. Pakati pa chipinda ndi khitchini pamakhala khoma lotseka. Sitovu, mbaula kapena chotenthetsera cha gasi siziyenera kuyaka mkati ngakhale kwa mphindi zochepa, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha, ndipo m'malo aang'ono chonchi umapha anthu ali m'tulo.

Kodi mmisiri wakuno angakapange? Wowotcherera amene amapanga ngolo ndi kalipentala wodziwa makabati, atagwirizana, palibe chingawakanike, ndipo pulayiwudi amapangidwa konkuno ku Chikangawa, ngakhale ayenera kufunsitsa ngati guluu wake ndi wopirira madzi, chifukwa wa siling'i ndi mipando sangapirire mvula. Chimene sayenera kutengera ku ngolo ndi ekiselo yakumbuyo ya pikapu yokhala ndi difu: ng'ombe zimaikoka, koma pa kathilela kopepuka ndi katundu wachabe. Pafunika ekiselo ya thilela, mabering'i atsopano opakidwa girisi, chokolera chofanana kukula ndi kampira ka galimoto, amene kuno nthawi zambiri ndi ka mamilimita 50, matcheni achitetezo, nyali zakumbuyo zogwira ntchito, ndi mapepala a boma, poti pamsewu waukulu imeneyi ndi thilela ngati ina iliyonse.

Musanapite kutali, pakirani zonse monga mmene mudzayendere, madzi odzaza, gasi ndi zakudya zomwe. Kayezetseni kathilela konse pa sikelo ya magalimoto, kenako yezani chokokera chili pa msinkhu wa kampira. Yendani makilomita ochepa, imani, gwirani pakati pa teyala lililonse kuti mumve ngati mabering'i akutentha. Pomaliza thirani kanyumbako madzi ndi paipi mbali zonse, wina ali mkati ndi tochi. Chokokera chikapepuka kuposa gawo limodzi pa magawo 10 a kulemera konse, sunthirani batire ndi madzi kutsogolo musanatuluke pageti.